Panelo ikamadzidina yokha m'chipinda cha misonkhano, vuto limakhala kuti?

Kuyambira chaka cha 2020, pamene Covid-19 inakankhira misonkhano yambiri pa Zoom ndi Teams, maofesi a mu Lilongwe anathira ndalama m'zipinda zawo za misonkhano. Ku City Centre, ku Capital Hill, m'mabungwe a ku Area 10 ndi Area 43, m'mahotela ngakhalenso m'makampani a ku Kanengo, pa tebulo lalikulu kapena pakhoma pafupi ndi chitseko panabwera kagalasi koyendetsera zonse: kuyatsa pulojekita, kutsitsa nsalu yoonetserapo, kukweza mawu, kutembenuza kamera, kulowa mu msonkhano wa pa intaneti. Amisiri amakatchula kuti panelo. Padutsa zaka zingapo, ndipo madandaulo ake ayamba kufanana kulikonse. Kwina imadzidina yokha, mawu n'kukwera mpaka anthu kutseka m'makutu. Kwina ukadina kumanja imamva kumanzere. Ina imazima bwana ali pakati pa mfundo, n'kuyamba kudziyatsanso pang'onopang'ono alendo akuyang'anizana. Inanso imaonetsa kuti pulojekita yayaka pomwe khoma lili bii.

Zikatero chigamulo sichichedwa: panelo yafa, tigule ina. Chigamulo chimenechi n'chodula, ndipo kawirikawiri n'cholakwika. Zipangizozi sizipangidwa kuno. Zimachokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena kutali kuposa apo, ndipo zimafuna madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Panelo imene kale inkalowa mu bajeti mosavuta, lero imafuna makoteshoni atatu, komiti ikhale pansi, kenako kudikira kuti banki ipeze ndalama zakunja. Chowawa n'chakuti yatsopanoyo ikafika imalumikizidwa pa chingwe chomwe chija, pa swichi yomwe ija (kabokosi kolumikiza zingwe za netiweki), pa magetsi omwe aja, ndipo mwezi usanathe nayonso imayamba misala yomweyo.

Panelo payokha siyatsa kanthu. Ntchito zake ndi ziwiri basi: kumva pamene chala chagunda, ndi kuonetsa mabatani. Choganiza chili kwina, mu kabokosi kotchedwa purosesa, kamene kamakhala mu kabati ya zipangizo kuseri kwa chipinda kapena kunsi kwa tebulo. Makampani monga Crestron, Extron ndi AMX amapanga zonse ziwiri, panelo ndi purosesa yomwe. M'zipinda za Teams Rooms kapena Zoom Rooms, ntchito ya purosesa imagwiridwa ndi kakompyuta kakang'ono, panelo yake n'kukhala ya Logitech, Poly kapena Yealink. Mukadina batani, uthenga umayenda pa chingwe cha netiweki kukafika ku swichi, kuchoka apo kupita ku purosesa, ndipo pulogalamu ya m'menemo ndi imene imalamula pulojekita, TV, zokuzira mawu kapena kamera. Panelo ili ngati kondakitala wa minibasi. Mukati "pa Bwandilo" koma galimoto n'kupitirira, mwina kondakitala sanakumveni, mwina anamva koma dalaivala sanamve kugogoda kwake, mwinanso onse anamva koma mabuleki ndi amene atha. Kuchotsa ntchito kondakitala kumathetsa vuto limodzi lokha mwa atatuwo.

N'chifukwa chake wa IT asamafunse kuti "yatani?", popeza yankho lake limangokhala "yapenga". Mafunso othandiza ndi ena. "Mayi, mutadina, kanalira kapena batani linasintha maonekedwe?" "Bambo, inangouma, kapena inathima n'kuonetsa chizindikiro cha kampani ngati ikuyamba kumene?" "Inali nthawi yanji, ndipo tinali pa ESCOM kapena pa jenereta?" Panelo imene ikudzidina popanda woikhudza ili ndi vuto la galasi kapena la phokoso la m'magetsi (timafunde tosafunika tokwera pa waya). Imene ikuthima n'kuyambiranso ikusowa mphamvu. Imene ikulemba kuti ikufunafuna purosesa ili ndi vuto la netiweki. Imene ikumva bwinobwino koma zipangizo osamvera, vuto lili kutsogolo kwake, ndipo kuigwira iyo n'kutaya nthawi.

Galasi silidziwa chala

Galasi la mapanelo a masiku ano limagwira ntchito ngati la foni. Mkati mwake muli tinjira tosaoneka ndi maso topangidwa ndi indium tin oxide, tina topingasa, tina toimirira. Kachipangizo ka mkati kamatumiza timagetsi tochepa kwambiri mu tinjirato kambirimbiri pa sekondi, n'kumayeza mmene tikusungikira paliponse pamene tinjira tadutsana. Thupi la munthu limayendetsa magetsi, ndiye chala chikayandikira chimaba pang'ono, muyeso n'kusintha. Nzeru imeneyi si ya dzulo: E.A. Johnson wa ku England anailemba mu 1965. Koma kusintha kumene chala chimabweretsa n'kochepa zedi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Galasi silidziwa kuti ichi ndi chala. Chilichonse chosuntha muyesowo chimawerengedwa ngati munthu wadina.

Madzi ndiye oyamba. Kadontho kochoka pa botolo lozizira, tiyi wodontha pa nthawi yopuma, kapena mankhwala opukutira. Chizolowezi chopopera sanitaiza paliponse chimene tinatengera nthawi ya Covid chinawononga magalasi ambiri, chifukwa madziwo amatsetsereka n'kukalowa m'mphepete, pamene tinjira tija timalumikizana ndi kachingwe ka mkati. Okonza m'maofesi alibe mlandu pamenepa, palibe anawauza kuti azipopera pa kansalu osati pa galasi. Nyengo ya mvula imawonjezera lake. Chipinda chimene chazizira ndi makina a mpweya tsiku lonse, magetsi akathima anthu n'kutsegula mawindo, mpweya wofunda wachinyezi umafikira pa galasi lozizira n'kupanga nthunzi yopyapyala. Pa mphindi zochepa zimenezo panelo imatha kudina mabatani angapo yokha, kenako n'kuchira mmisiri asanafike.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Panelo ikamayaka imadziyeza kaye, n'kusunga muyeso umenewo ngati wa galasi lopanda kanthu. Ngati pa nthawiyo pagona foni, makiyi kapena dzanja la munthu, chiyambi chake chimakhala cholakwika, ndipo chinthucho chikachotsedwa galasi limasokonezeka pamalo amenewo. Kumayiko kumene panelo imayaka kamodzi pa miyezi ingapo, zimenezi sizichitikachitika. Kuno imatha kuyambiranso kangapo pa sabata, nthawi zina pa tebulo podzaza katundu. Mankhwala ake ngaulere: chotsani chilichonse, pukutani, zimitsani, yatsaninso osaikhudza.

Kung'aluka kwa pakona, pulasitiki yotetezera yochindikala, ndi masikulu omangitsa mopyola pa bokosi la pakhoma zimapotoza galasi n'kubweretsa zomwezo. Kumene anaika iPad kapena tabuleti ina pakhoma m'malo mwa panelo yeniyeni, yang'anani ngati galasi layamba kutukuka. Batire la lithium limene limakhala pa chaja usana ndi usiku m'malo otentha limatupa, n'kumakankha galasi kuchokera mkati. Imeneyo musayese kuikonza, ichotseni pakhoma tsiku lomwelo, chifukwa batire lotupa limatha kuyaka moto. Mukapeza panelo yakale kwambiri, yokhala ndi pulasitiki yofewa pamwamba imene imamva ngakhale chikhadabo kapena chivindikiro cha cholembera, imeneyo ndi ya mtundu wina. Ikamamva pambali, kawirikawiri imangofuna calibration, ndiye kuti kuikonza kuti izimva pamalo enieni pamene mwagunda, ndipo malo ochitira zimenezo ali mu zokonzera zake.

Magetsi, ndi kumene amachokera

Aliyense amene anagulapo chaja yotchipa pamsika anaonapo foni ikulemba yokha ili pa moto, n'kusiya chaja ikangozulidwa. Chimene chimachitika pa panelo n'chomwecho. Chaja yosapangidwa bwino imatulutsa timafunde tothamanga kwambiri timene timakwera pa waya n'kukasakanikirana ndi muyeso wofooka uja. M'chipinda cha misonkhano magwero a phokoso lotere ndi ambiri: kabokosi kotchipa kopatsira panelo mphamvu, machaja a malaputopu obayidwa pa soketi za pa tebulo, zochepetsera kuwala kwa mababu a LED, machubu akale othwanimathwanima, ndiponso chingwe cha netiweki chimene chinagonekedwa mu paipi imodzi ndi mawaya a magetsi chifukwa womanga anafuna kusunga paipi. Panelo imene imapenga pokhapokha mlendo wina akabaya laputopu yake ikukuuzani kale kumene kuli vuto.

Phokosoli likanakhala ndi kothawira bwenzi silikuvuta kwambiri, ndipo kothawira kwake ndi waya wa earth, wopita m'nthaka. Magetsi a m'Malawi ndi a mavolti 230 pa 50 Hz, ndipo pulagi yathu ndi ya mano atatu ngati ya ku Britain. Dzino lachitatu lalitalilo ndi la earth, koma tonse timadziwa mmene timatsegulira soketi ndi kamtengo kuti pulagi ya mano awiri ilowe. Ma extension ena otchipa ali ndi mabowo atatu koma mkati muli mawaya awiri okha. Kunja kwa nyumba, ndodo ya earth imadalira chinyezi cha nthaka. Dothi likauma mu Seputembala ndi Okutobala ndodoyo imagwira ntchito mofooka, ndipo nthawi zina waya wake wa kopa amakhala kuti unadulidwa kalekale popanda woona. Vuto limene limabwera m'chilimwe n'kutha lokha mvula ikagwa liyenera kukutumizani kukaona ndodo imeneyo. Wamagetsi wovomerezeka amayeza pakati pa neutral (waya wobwerera magetsi) ndi earth pa soketi ya kabati. Ambiri amayamba kukayikira akaona muyeso ukupitirira mavolti awiri. Ntchito imeneyi ndi ya wamagetsi, wa IT asaiyese ndi sikuludiraiva.

Ku Lilongwe nkhaniyi inakula chifukwa cha mmene maofesi anadzitetezera ku mdima. Namondwe Ana ataononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunafika maola ambiri pa tsiku. Nyumba zambiri zinawonjezera jenereta, ma inverter ndi sola mwachangu, chilichonse ndi mmisiri wake, popanda wina woona chithunzi chonse. Zotsatira zake, chipinda chimodzi chimatha kukhala ndi TV pa magetsi a jenereta, kabati pa inverter, soketi za pa tebulo pa mzere wina, zonsezo zitalumikizana ndi zingwe za HDMI ndi netiweki. Kusiyana pang'ono kwa earth pakati pa mizereyo kumayenda pa zingwe zimenezo. Majenereta ang'onoang'ono ena salumikiza neutral ndi earth, ndipo ma inverter otchipa amatulutsa magetsi a mafunde odukaduka. Zipangizo zimayaka ndithu, koma galasi limamva.

UPS, bokosi la mabatire lopatsa zipangizo mphamvu magetsi akathima, ndi yankho, koma si iliyonse. Zotchipa zimangodutsitsa magetsi monga abwerera, n'kulowerera pokhapokha akathima. Imene imayeretsa magetsi nthawi zonse ndi ya mtundu wa online, ndipo kabati ya chipinda chofunika imayenera yotero. Mabatire ake amafooka msanga m'malo otentha, ndipo makabati ambiri ali m'tizipinda topanda mpweya mmene makina oziziritsa amazimitsidwa Lachisanu madzulo. UPS ya nyali yobiriwira siitanthauza kuti ili moyo. Izuleni pakhoma tsiku lopanda msonkhano, muone ngati ifike mphindi zisanu. Zina sizifika ngakhale masekondi amene jenereta imatenga kuti ilire.

Mapanelo ambiri alibe chingwe chawochawo cha magetsi. Amalandira mphamvu pa chingwe chomwe cha netiweki, njira yotchedwa PoE. Muyezo wa 802.3af wa 2003 umapereka mawati 15.4 potuluka pa swichi, ndipo chipangizo chimayembekezera 12.95. Wa 802.3at wa 2009 umapereka 30, chipangizo n'kulandira 25.5. Wa 802.3bt wa 2018 umafika mpaka 90. Panelo yaikulu yofuna muyezo wachiwiri ikaikidwa pa swichi ya muyezo woyamba, ina imakaniratu, koma ina imayaka bwinobwino n'kudzagwa pamene kuwala kwakwera kapena kasipika kake kalira. Swichi nayo ili ndi malire a mawati onse pamodzi. Tsiku loikidwa inkadyetsa panelo ndi kamera basi. Kenako wina anawonjezera mafoni a pa desiki, wina zida za Wi-Fi, wina makamera a chitetezo, ndipo malire atakwana swichi inayamba kudula mabowo ena. Panelo imazima, aliyense n'kuloza iyo.

Chingwe chenichenicho n'chofunika kuchikayikira kuposa mmene timachitira. Ethernet ya kopa imalekezera pa mamita 100, kuphatikizapo tizingwe ta kumapeto. Pamsika pali makebulo olembedwa Cat6 amene mkati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Amadutsitsa intaneti, n'chifukwa chake palibe amadandaula, koma amadya mphamvu panjira, amatentha, ndipo amathyoka msanga pa mutu. Kupala waya umodzi ndi mpeni kumaulula: mkati mukatuluka choyera, si kopa. Onjezani makoswe a mu siling'i, mwendo wa mpando wopondereza chingwe kunsi kwa tebulo, madzi a mopu olowa mu kabokosi ka pansi, ndi kapulasitiki kothyoka pa mutu wa chingwe cha netiweki (RJ45) kamene kamachititsa kuti chingwe chizigwedera munthu akagunda tebulo ndi bondo. Chenjezo lina ndi la tizida ta mavolti 24 timene timabwera ndi ma wailesi a intaneti a padenga. Timaoneka ngati PoE, mabowo ake ndi omwewo, koma sitikambirana ndi chipangizo tisanatumize magetsi. Panelo siyaka nato, ndipo tikhoza kuiwononga.

Mphenzi za pakati pa Novembala ndi Epulo sizifunika kugwera nyumba yanu kuti ziwononge. Chingwe cha kopa chodutsa panja kuchoka pa buloko ina kupita pa ina chimatola mphamvu ya chiphaliwali, n'kupsereza bowo la swichi mwatheka, lizigwira lero mawa ayi. Pakati pa nyumba ziwiri payenera kudutsa fibre, chingwe cha galasi chosayendetsa magetsi.

Pamene panelo ndi purosesa zasowana

Chipangizo chilichonse pa netiweki chimafuna adiresi yakeyake ya IP. Oika makina amakonda kupatsa panelo adiresi yokhazikika, zomwe n'zabwino, koma amaiwala kuuza a IT kuti aichotse pa mulu wa maadiresi amene rauta, kabokosi kogawa intaneti, imagawira alendo. Masiku wamba palibe chovuta. Tsiku la msonkhano waukulu, anthu makumi asanu akalowa pa Wi-Fi, rauta imafika pa adiresi ija n'kuipereka kwa foni ya mlendo. Zipangizo ziwiri zimayamba kulimbirana dzina limodzi, panelo n'kumagwa n'kudzuka. Alendo akapita zonse zimakhala bwino, ndipo mmisiri wobwera mawa lake amalemba kuti sanapeze vuto. Panelo yodwala pa misonkhano ikuluikulu yokha siili ndi manyazi, ili ndi mnzake wa adiresi.

Kubwerera kwa magetsi kuli ndi msampha wake. Zipangizo siziyaka nthawi imodzi. Panelo ikadzuka rauta isanakonzeke, imapempha adiresi, osayankhidwa, n'kudzipatsa yokha yoyamba ndi 169.254. Mukaona manambala amenewo pa tsamba la zokonzera, dziwani kuti siinalankhule ndi aliyense. Maswichi ena amadikiranso masekondi 30 asanatsegule bowo, pofufuza ngati zingwe sizinazungulirane, pokhapokha atauzidwa kuti bowolo ndi la chipangizo wamba. Ndiye pali wotchi. Kabatire kakang'ono kosunga nthawi kakatha, chipangizo chimadzuka chikuganiza kuti ndi chaka cha 1970 kapena 2000. Ziphaso za chitetezo za Teams ndi Zoom zimayendera masiku, choncho zimakanidwa, panelo n'kulephera kulowa. Munthu amatha tsiku lonse akusintha mapasiwedi pomwe chofunika ndi kukonza deti ndi kuonetsetsa kuti chipangizocho chikutha kufika pa seva ya nthawi, kompyuta imene imapereka nthawi yolondola.

M'zipinda zikuluzikulu mawu ndi zithunzi zimayendanso pa netiweki, monga pa njira yotchedwa Dante. Swichi ikapanda kukonzedwa kuti izitumiza katundu ameneyu kwa omufuna okha, imamukhuthulira pa mabowo onse, panelo n'kumira. Imaoneka yaulesi, kuyankha patapita masekondi angapo. Kuyeza kosavuta ndi ping, lamulo loona ngati chipangizo chikuyankha pa netiweki: pa laputopu ya Windows lembani ping -t ndi adiresi ya panelo, pa windo lina ya purosesa, muzisiye ziziyenda msonkhano uli mkati. Ikaduka ya panelo yokha, tsatani chingwe ndi bowo lake. Zikaduka zonse, vuto ndi swichi kapena magetsi ake. Zikapanda kuduka koma chipinda osamvera, pitani patsogolo.

Patsogolopo pali pulogalamu ndi zipangizo zolamulidwa, ndipo apa ndi pamene panelo imanamiziridwa kwambiri. Purosesa imalankhula ndi TV kapena pulojekita m'njira zitatu: pa netiweki, pa chingwe chotumizira malamulo cha RS-232, kapena ndi kadiso ka infrared, konga ka rimoti, komatidwa patsogolo pa chipangizo. Infrared ndi ya mbali imodzi, purosesa imalamula koma siimva yankho. Ma TV ambiri a m'nyumba ali ndi lamulo limodzi loyatsira ndi kuzimitsira. Wina akangozimitsa ndi rimoti, kapena magetsi akathima, purosesa imatsala ikukhulupirira kuti TV ili yoyaka, ndipo kuyambira pamenepo batani loyatsa limazimitsa. Kadisoko kamamatukanso ndi kutentha ndi fumbi, n'kumalendewera kuseri. RS-232 imayankha, koma imafuna kuti liwiro lifanane mbali zonse, monga 9600, ndipo chipangizo chikabwezeretsedwa pa zokonzera za ku fakitale liwiro limenelo limatha kusintha. Ma TV ambiri alinso ndi njira yosungira magetsi imene imatseka bowo la netiweki akazima, ndiye amamva lamulo lozimitsa koma loyatsa ayi.

Anthu nawo amathandizira. Pulojekita ya babu imafuna nthawi kuti itenthe ndi kuzizira, ndipo pa nthawiyo siimvera. Wofulumira amadina kasanu, malamulo n'kuima pa mzere, kenako onse n'kuchitika motsatizana. Woona amati panelo ikuchita zayokha. Wolemba pulogalamu wanzeru amaika uthenga woti dikirani n'kutseka mabatani kwa kanthawi. Wina amangosintha mtundu wa batani chala chikagunda, osadikira kuti chipangizo chivomere, ndipo panelo yotere imanama moyo wake wonse.

Firmware, pulogalamu ya mkati mwa chipangizo yochokera kwa ochipanga, ili ndi mbali ziwiri. Nthawi zina yatsopano imachiza vuto lodziwika la galasi. Nthawi zina panelo imadzikweza yokha usiku, purosesa n'kutsalira pa yakale, m'mawa osamvana. Ineyo ndimaona kuti kukweza firmware tsiku loti mawa kuli msonkhano wa bodi, kapena popanda UPS yodalirika, n'kudziputira. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, panelo yamoyo imatha kusanduka yakufa zenizeni.

Kuyesa kumene kumalekanitsa zonsezi sikufuna zida zodula. Chotsani panelo pamalo pake, muiike pa desiki ndi kachingwe kakafupi ka ku fakitale, pa swichi kapena kabokosi ka PoE kodalirika kolumikizidwa ku UPS. Mapanelo ambiri ali ndi tsamba loyezera galasi, pamene chala chimasiya mzere. Isiyeni pamenepo maola angapo osaikhudza. Ikakhala chete pa desiki koma n'kupenga m'chipinda, wodwala ndi chipinda. Ngati muli ndi zipinda ziwiri zofanana, sinthanitsani mapanelo, mutakonza maadiresi ake, muone ngati vuto litsatire panelo kapena litsale pamalo. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Amisiri ena akapanikizidwa amasintha chingwe, bowo, firmware ndi adiresi tsiku limodzi, vuto n'kutha, koma likabwerera palibe amadziwa poyambira. Tsamba la pa intaneti la panelo kapena la swichi limasonyeza nthawi imene yakhala yoyaka chiyambireni; ngati akuti inangouma koma tsamba likuti yayaka mphindi khumi zapitazo, ndiye kuti inathima, ndipo mwabwerera ku nkhani ya mphamvu.

Chida chimene chimathandiza kuposa zonse ndi kope wamba losiyidwa m'chipindamo. Mlembi kapena mesenjala amene amatsegula chipinda azilemba deti, nthawi, chimene chachitika, ngati jenereta inali kulira, ngati kunja kunali mvula, ndi kuchuluka kwa anthu. Pakatha milungu itatu, mizere ya m'kopemo imayamba kufanana: Lolemba lililonse m'mawa, kapena nthawi iliyonse makina oziziritsa akalira, kapena masana dzuwa likamenya galasi kudzera pa windo lakumadzulo mu Okutobala. Anthu amenewa amaona chipindacho kuposa mmisiri wobwera kamodzi pa mwezi, koma sikawirikawiri kufunsidwa.

Zilipo ndithu nthawi zimene panelo imakhala itafadi. Pa tsamba loyezera mumaona kamzere kowongoka, kuchoka pamwamba kufika pansi, pamene chala sichilemba. Kapena ili pa desiki, pa magetsi oyera, youma, koma ikupitirizabe kudina pamalo amodzimodzi. Imeneyo galasi lake latha. Podikira ina, chipinda sichiyenera kutsekedwa: Crestron ili ndi XPanel ndipo Extron ili ndi pulogalamu ya Extron Control, zimene zimaonetsa mabatani omwewo pa laputopu kapena tabuleti, ngati woika makina anazikonzeratu.

Musanasaine pepala logulira, funsani kaye kumene kuli mafayilo. Chimene chili mu purosesa ndi pulogalamu yomangidwa kale, yosatheka kuisintha popanda mafayilo oyambirira a amene anailemba. Panelo ya zaka zisanu zapitazo mwina inasiya kupangidwa, ndipo yolowa m'malo mwake imatha kukhala ndi kukula kwina kwa sikirini kapena kufuna purosesa ya mbadwo watsopano. Ngati kampani imene inaika makinawo inabwera kuchokera kunja, n'kupita ndi mafayilo, mapasiwedi ndi chojambula cha mawaya, mtengo wa panelo udzakhala gawo laling'ono chabe la bilu, chifukwa wina ayenera kudzalembanso chipinda chonse. Ofesi imene ikuika makina atsopano ilembe mu mgwirizano kuti ndalama yomaliza idzatuluka ikalandira mafayilo oyambirira, mndandanda wa maadiresi, mapasiwedi a zipangizo zonse, ndi zotsatira za kuyeza kwa chingwe chilichonse. Imene inaika kale iyambe lero kulembera kampaniyo kalata yopempha zimenezi, idakali ndi nambala yake ya foni.